Oscar Charleston: katswiri wa baseball amene mbiri inamulambalala

Kumanda a Floral Park, mumzinda wa Indianapolis m'dziko la America, kuli manda amene kwa zaka zoposa 60 analibe chilichonse choimitsa munthu wodutsa. Panali mwala wamba, wa mtundu umene boma limaika pamanda a anthu amene anagwirapo ntchito ya usilikali. Pamwalapo panalembedwa dzina la Oscar Charleston ndi za usilikali wake. Panalibe liwu ngakhale limodzi lotchula baseball, masewero amene munthuyu anawatumikira kwa zaka pafupifupi 40.

Komatu wogona m'mandamo sanali wosewera wamba. M'chaka cha 2001, Bill James, mmodzi mwa akadaulo odziwika kwambiri pa kusanthula mbiri ya baseball, anasanja osewera opambana m'mbiri yonse ya masewerowa, ndipo Charleston anamuika pa nambala 4, kumbuyo kwa Babe Ruth, Honus Wagner ndi Willie Mays okha. Buck O'Neil, amene anakalambira m'masewerowa ngati wosewera, mphunzitsi ndiponso wofufuza osewera aluso, ankanena kawirikawiri kuti mwa onse amene anawaona ndi maso ake, woposa Charleston panalibe. Ngakhale zili choncho, ku America komweko ochemerera ambiri amene amadziwa Ruth, Ty Cobb ndi Jackie Robinson amafunsabe kuti ameneyu ndi ndani akamva dzina lake.

Moyo wa Charleston ukusonyeza kuti luso palokha silisunga dzina la munthu. Dzina limasungidwa ndi amene analemba, amene anajambula ndi amene anakhala ndi moyo n'kumasimba. Zitatu zonsezi zinamuchepera.

Mmene masewerowa amayendera

Kwa amene sanaonerepo baseball, masewerowa amakhala pakati pa matimu awiri a osewera 9, ndipo matimuwo amasinthana ntchito: ina ikamamenya mpira, inzake imaponya ndi kuwakha. Woponya amaima chapakati n'kuponya kampira kolimba mwaliwiro kwa womenya, amene amakhala atagwira chibonga chathabwa. Womenyayo akaumenya bwino amathamanga kuzungulira malo anayi oikidwa ngati ngodya za nyumba, ndipo akabwerera pamene anayambira timu yake imapeza pointi. Mpira ukamenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, umenewo amautcha home run, ndipo womenyayo amazungulira malo onse popanda womutsekereza.

Kumenya kampirako n'kovuta zedi, moti munthu amene amachita bwino katatu pa maulendo 10 amatengedwa ngati katswiri. Charleston, pa zaka zonse zimene anasewera m'maligi, ankachita bwino maulendo 363 pa maulendo 1,000 alionse.

Kuchokera ku Indianapolis kupita ku Manila

Oscar McKinley Charleston anabadwa pa 14 Okutobala 1896 ku Indianapolis, m'boma la Indiana. Anali wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana 11, banja losauka limene linkasamukasamuka m'nyumba za lendi m'madera a anthu akuda a mumzindawo. Sukulu sanapite nayo patali. Ali mnyamata ankathandiza kunyamula zibonga za osewera a Indianapolis ABCs, timu ya anthu akuda ya mumzindamo.

Mu 1912, ali ndi zaka 15 zokha, anawonjezera zaka zake n'kulembedwa usilikali. Anamuika m'gulu la 24th Infantry, limodzi mwa magulu a asilikali akuda okhaokha, ndipo anamutumiza ku Philippines, dziko limene panthawiyo linkalamulidwa ndi America. Kumeneko ndi kumene luso lake linaonekera. Ankathamanga mipikisano ya liwiro, ankaponyanso mpira ndi dzanja lamanzere m'timu ya gulu lake, ndipo mu 1914 anasewera mu ligi ya mumzinda wa Manila.

Atatuluka usilikali mu 1915 anabwerera kwawo n'kulowa timu ya ABCs, yomwe ija ankainyamulira zibonga, pa malipiro a madola 50 pamwezi. Mphunzitsi wa timuyo, C. I. Taylor, munthu wodziwika ndi mwambo wokhwima, anaona kuti liwiro la mnyamatayu likungotayika pa ntchito yoponya, choncho anamuika kumbali yakutali ya bwalo, chapakati, kumene wosewera amathamangira mipira yomenyedwa m'mwamba.

Lamulo limene silinalembedwe

Nthawi imeneyo maligi awiri akuluakulu a dzikolo, National League ndi American League, anali otsekeka kwa anthu akuda. Panalibe lamulo lolembedwa, koma eni matimu anali atamvana. Moses Fleetwood Walker, munthu wakuda, anasewerapo m'ligi yaikulu mu 1884 ndi timu ya Toledo, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 khomo linali litatsekedwa, ndipo linakhala lotseka mpaka 1947. Zaka zonse za mphamvu za Charleston zinagwera mkati mwa nyengo imeneyi.

Umodzi mwa mipata imene osewera akuda ankakhala nayo yodziyesa ndi azungu unali masewero apadera ochitika ligi ikatha. Pa masewero otere, mu Okutobala 1915 ku Indianapolis, ndi pamene Charleston anapalamula mlandu umene unamutsata moyo wake wonse. Mnzake Bingo DeMoss anakangana ndi woyimbira wachizungu pa chigamulo china, ndipo Charleston, amene anali atangokwanitsa zaka 19, anathamanga kuchokera kumene anaima n'kumenya woyimbirayo chibakera. Anthu anakhamukira m'bwalo, apolisi analowerera, ndipo awiriwo anamangidwa. Pambuyo pake Charleston analipira chindapusa ndipo anapepesa poyera kudzera m'nyuzipepala, koma mbiri yoti ndi wandewu inali itamera kale mizu.

Ukali anali nawodi, ndipo pabwalo sankagonjera munthu. Koma ofufuza amene anadzalondola moyo wake anapeza munthu wosiyana ndi wa m'nthanozo: wosamwa mowa, wosasuta fodya, wovala mwaudongo ndiponso wokondedwa ndi osewera achinyamata amene ankawaphunzitsa.

Zaka za ulemerero

Pa 13 Febuluwale 1920, Rube Foster, mwini timu ya Chicago American Giants, anasonkhanitsa eni matimu a anthu akuda mumzinda wa Kansas City ndipo anakhazikitsa Negro National League. Masewero oyamba a ligiyo anachitika pa 2 Meyi chaka chomwecho ku Indianapolis, ndipo Charleston anali m'timu ya ABCs imene inagonjetsa Chicago Giants.

Zaka khumi zotsatira zinali zake. Mu 1921, akusewera m'timu ya St. Louis Giants, anachita bwino maulendo oposa 430 pa 1,000 alionse. Chaka chimenecho anatsogola ligi yonse m'zinthu zitatu zimene womenya mpira amayezedwa nazo: kuchuluka kwa maulendo omenya bwino, kuchuluka kwa ma home run, ndi mapointi amene timu inapeza chifukwa cha kumenya kwake. Malinga ndi ziwerengero zimene ofufuza asonkhanitsa, anachitanso chimodzimodzi mu 1924 ndi mu 1925. Akatswiri achizungu Rogers Hornsby ndi Ted Williams anakwanitsa zimenezi kawiri aliyense. Wokwanitsa katatu ndi Charleston yekha.

Sanali wamtali, koma anali wa chifuwa chotambalala, manja amphamvu ndi miyendo yopepuka. Anzake ambiri ankapambana pa chinthu chimodzi kapena ziwiri, pamene iye ankamenya mpira patali, ankaumenya pafupipafupi, ankathamanga kuposa ambiri ndipo ankawakha modabwitsa. Pamalo ake ankaima pafupi kuposa mmene osewera ena ankachitira, n'cholinga chotola mipira yaifupi imene ikanagwa pansi. Mpira ukamenyedwa kudutsa pamutu pake, ankatembenuka n'kuuthamangira chofulatira mpaka kuupeza usanatere. Atolankhani ena ankamutcha Ty Cobb wakuda, pomufanizira ndi katswiri wachizungu wa timu ya Detroit, koma amene ankamuonera tsiku ndi tsiku ankati fanizolo likumuchepetsa, pakuti Cobb analibe mphamvu yotulutsa mpira kunja kwa bwalo ngati iye.

Nyengo yozizira ikafika ku America, Charleston ankawolokera ku Cuba, kumene akuda ndi azungu ankasewera limodzi. Anasewerako nyengo zambiri ndipo anaphunzira Chisipanishi. M'nyengo ya 1923 mpaka 1924 anali m'timu ya Santa Clara imene inapambana masewero 36 n'kugonja 11 okha, timu imene mpaka pano imatchulidwa pakati pa matimu amphamvu kwambiri m'mbiri ya dzikolo. Ku Cuba dzina lake linkalembedwa m'nyuzipepala zikuluzikulu. Kwawo silinkalembedwa kawirikawiri.

Mu 1924, ali ndi zaka 27, anapita kutimu ya Harrisburg Giants m'boma la Pennsylvania ngati wosewera ndi mphunzitsi nthawi imodzi. Harrisburg kunalinso kwawo kwa mkazi wake wachiwiri, mwana wa mbusa, amene anamukwatira mu 1922. Atachoka kumeneko anasewera m'timu ya Hilldale, kenako ya Homestead Grays mu 1930 ndi 1931. Pofika nthawiyi thupi linali litayamba kulemera, choncho anasiya kuthamangira mipira kutali n'kuyamba kulondera malo oyamba, ntchito imene simafuna liwiro lambiri.

Mtsogoleri wa akatswiri

Mu 1932 Gus Greenlee, mpondamatiki wakuda wa ku Pittsburgh amene analemera ndi juga ya manambala, anamanga bwalo lakelake n'kuyamba kusonkhanitsa osewera apamwamba m'timu yake ya Pittsburgh Crawfords. Munthu amene anamusankha kuti awatsogolere anali Charleston. M'zaka zotsatira, pansi pake panadutsa woponya mpira Satchel Paige, womenya wamphamvu Josh Gibson, waliwiro Cool Papa Bell ndi Judy Johnson. Kuweta nkhunzi zotere m'khola limodzi sinali ntchito yamasewera, komabe iye anakhala pa udindowo mpaka timuyo itatha.

Mu 1933, pamene anakonza koyamba masewero a akatswiri osankhidwa ndi ochemerera, otchedwa East-West Game, pabwalo la Comiskey Park ku Chicago, Charleston ndiye anapeza mavoti ambiri kuposa wosewera aliyense, ngakhale anali ndi zaka 36. Mu 1935 timu yake inatenga chikho cha ligi itagonjetsa New York Cubans masewero anayi kwa atatu, ndipo mphunzitsiyo mwini wake anamenya ma home run m'masewero otsiriza a mpikisanowo.

Moyo wa m'maligi amenewa unali wowawa. Matimu ankayenda mitunda italiitali pa basi usiku wonse, nthawi zina n'kusewera kawiri kapena katatu pa tsiku limodzi. M'matauni ambiri mahotela ndi malo odyera sankalandira anthu akuda, moti osewera ankagona m'basi momwemo kapena m'nyumba za anthu achifundo. Masewero a ligi anali ochepa poyerekeza ndi masewero apadera amene timu inkachita ndi aliyense wopezeka kuti ipeze ndalama zolipirira osewera, ndipo ambiri mwa masewero amenewa panalibe amene ankalemba zotsatira zake.

Mu 1937 timu ya Crawfords inasweka msana. Anthu a wolamulira wankhanza wa dziko la Dominican Republic, Rafael Trujillo, anabwera ndi ndalama zambiri n'kutenga Paige, Gibson, Bell ndi ena kuti akasewere m'timu yotchedwa dzina la mtsogoleriyo. Bwalo la Greenlee linagwetsedwa kumapeto kwa 1938. Charleston anatsatira zotsalira za timuyo ku Toledo ndi ku Indianapolis, kenako anakakhazikika ku Philadelphia. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankagwira ntchito ya ulonda pa nkhokwe ya katundu wa asilikali mumzindawo.

Khomo linatseguka mochedwa

Mu 1945 Branch Rickey, mkulu wa timu ya Brooklyn Dodgers, anali atatsimikiza mumtima kuthetsa tsankho m'ligi yaikulu, koma ankafuna munthu wodziwa bwino osewera akuda. Chaka chimenecho Charleston anali mphunzitsi wa Brooklyn Brown Dodgers, timu ya anthu akuda imene inkasewera pabwalo la Dodgers, ndipo Rickey ankadalira maso ake. Mmodzi mwa osewera amene Charleston anawachitira umboni anali Roy Campanella, amene pambuyo pake anasankhidwa katatu kukhala wosewera wopambana mu National League, mu 1951, 1953 ndi 1955.

Pa 15 Epulo 1947 Jackie Robinson anavala yunifolomu ya Dodgers, ndipo khomo limene linatsekedwa kwa zaka pafupifupi 60 linatseguka. Tsiku limenelo Charleston anali ndi zaka 50. Kusewera kunali kutamupita, ndipo uphunzitsi m'ligi yaikulu unali usanatsegulidwe kwa anthu akuda. Wothandizira mphunzitsi wakuda woyamba, Buck O'Neil, analembedwa mu 1962, ndipo mphunzitsi wamkulu wakuda woyamba, Frank Robinson, anadzayamba ntchitoyo mu 1975.

Kupambana kwa Robinson kunagwetsanso nyumba imene Charleston anakuliramo. Ochemerera akuda anayamba kukhamukira kumabwalo a maligi akuluakulu, osewera achinyamata aluso anatengedwa mmodzimmodzi, ndipo Negro National League inatha pambuyo pa nyengo ya 1948. Iye sanachoke. Anagwirapo ntchito yoyimbira, kenako anaphunzitsa Philadelphia Stars kuyambira 1948 mpaka 1952, timu yosauka yosewera pamaso pa anthu ochepa.

Mu 1954 anatenga timu ya Indianapolis Clowns, imene pofuna kukopa anthu inkasakaniza masewero ndi nthabwala, ndipo inalinso ndi osewera aakazi awiri, Connie Morgan ndi Mamie Johnson. Charleston anaitsogolera mpaka inatenga chikho cha Negro American League. Patangopita milungu yochepa anadwala mwadzidzidzi n'kugwa pa masitepe kunyumba kwake ku Philadelphia. Anamwalira pa 5 Okutobala 1954, kutatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 58, ndipo thupi lake analitengera kwawo ku Indianapolis.

Chifukwa chake anaiwalika

Tsankho ndilo linali gwero, koma silifotokoza zonse, pakuti anzake ena a m'maligi omwewo mayina awo anapulumuka. Satchel Paige analowa m'ligi yaikulu mu 1948 ali ndi zaka 42, anafalitsa mabuku a moyo wake ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1982. Cool Papa Bell anafika 1991 akusimbira atolankhani za liwiro lake. Buck O'Neil anatchuka m'dziko lonse atakalamba, kudzera m'kanema wa mbiri ya baseball amene Ken Burns anatulutsa mu 1994. Josh Gibson anamwalira msanga, mu 1947, koma ma home run ake anali atasanduka kale nthano yosavuta kuikumbukira.

Charleston analibe mwayi ngati umenewu. Zaka zake zabwino koposa zinali za m'ma 1920, maligi a anthu akuda asanayambe kukopa makamu ndi ojambula monga zinadzakhalira m'ma 1930 ndi 1940. Nyuzipepala zikuluzikulu za azungu sizinkalabadira masewero ake, ndipo zimene zinalembedwa zinali m'nyuzipepala za anthu akuda monga Chicago Defender ndi Pittsburgh Courier, zimene zinkatuluka kamodzi pamlungu. Anasewera m'matimu ambiri, moti palibe mzinda umodzi umene unamutenga ngati wakewake. Ana sanasiye, ndipo ndi mkazi wake anali atapatukana. Choposa zonse, anamwalira zaka 16 buku la Robert Peterson lotchedwa Only the Ball Was White lisanatuluke mu 1970, buku limene linadzutsa chidwi cha ofufuza pa maligi amenewa. Pamene ofufuzawo ankayendera nkhalamba ndi makina ojambulira mawu, iye anali atagona kale. Zimene zinatsala ndi zokumbukira za anthu ena, ndipo anthu sachedwa kukumbukira ndewu kusiyana ndi mpira wowakhidwa bwino.

Ulemu wobwera pang'onopang'ono

Mu 1976, patatha zaka 22 chimwalirireni, dzina lake linalowetsedwa mu National Baseball Hall of Fame ku Cooperstown, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerowa. Paige anali atalowa mu 1971 ndipo Gibson mu 1972. Mzinda wa Indianapolis unatcha paki ina dzina lake. Mu 2019 Jeremy Beer anatulutsa buku loyamba lofotokoza moyo wake wonse, ndipo mu 2020 okonda masewerowa anaika chiliza chatsopano pamanda ake, chotchula ntchito imene anagwira pabwalo.

Pa 16 Disembala 2020, bungwe la Major League Baseball linalengeza kuti maligi 7 a anthu akuda amene analipo pakati pa 1920 ndi 1948 azitengedwa ngati maligi akuluakulu, chigamulo chimene chinakhudza osewera pafupifupi 3,400. Mu Meyi 2024 ziwerengero zawo zinaphatikizidwa m'kaundula wa bungwelo. Pa mndandanda wa omenya bwino mpira m'mbiri yonse, Gibson anakwera pamwamba ndi 372 pa 1,000, Cobb anatsikira pachiwiri ndi 367, ndipo wachitatu ndi Charleston ndi 363, pamwamba pa Hornsby, Williams ndi Ruth. Alipo amene amatsutsa kuti nyengo za maligi a anthu akuda zinali zazifupi, choncho ziwerengerozo sizingafanizidwe. Enanso amayankha kuti azungu a nthawi imeneyo nawonso sanapikisane ndi akatswiri onse a m'dziko lawo, popeza ena anali atatsekeredwa kunja.

Zikuoneka kuti Charleston mwini wake ankadziwa kuti fumbi ndiwe mwini. Kwa zaka zambiri ankadula nkhani za m'nyuzipepala zonena za iye ndi matimu ake n'kumazimata m'buku, ndipo ankasunganso chimbale cha zithunzi za anzake ndi za maulendo ake. Zinthu ziwirizi zinapulumuka, ndipo ndi zimene zathandiza kwambiri ofufuza kumudziwa monga analili. Lero zikusungidwa ku Negro Leagues Baseball Museum mumzinda wa Kansas City, kamtunda kochepa chabe kuchokera pa nyumba imene Rube Foster ndi anzake anakhazikitsira ligi yawo mu 1920.